Khan Academy Kids: yaulere, yopanda malonda, koma mwana musamusiye yekha

Nyenyezi 4 mwa 5.

Pulogalamuyi, yomwe imaphunzitsa ana kudzera m'masewera, ndinaiika pa foni chifukwa cha mwana wanga wamkazi wa zaka 4 amene ali ku sukulu ya mkaka. Inatuluka mu 2018 ndipo anaikonzera ana a zaka 2 mpaka 8. Ulere wake ndi weniweni: mulibe zotsatsa malonda, mulibenso pomwe amakuuzani kuti mulipire kaye kuti masewera ena atseguke. Makolo anzanga amene munaonapo mwana atadina malonda pakati pa gemu n'kukatulukira kwina, mukudziwa kuti nkhaniyi si yaing'ono.

Chandigwira mtima kwambiri ndi kakonzedwe ka masewera ake. Mwana sangokhala duu ngati akuonera katuni. Chimbalangondo chotchedwa Kodi ndi anzake, kuphatikizapo njovu Ollo, amamupatsa chochita: kukoka zinthu ndi chala n'kuziika m'magulu, kulondola chilembo, kuwerenga zinthu chimodzichimodzi, kupeza chimene chikuyenera kubwera pambuyo pa zinzake. Akatero amamudikira kuti ayankhe. Akalakwitsa samunyoza, amangomulola kuyesanso. Ntchito iliyonse ndi yaifupi, moti imatha maganizo ake asanathawire kwina, ndipo pamapeto amasankha kamphatso kopatsa nyama zija. Wanga amakonda zipewa. Zoika zinthu m'maguluzi ndiye zamulowerera, masiku ano amasanja masipuni pawokha, mafoloko pawokha, ndisanamutume n'komwe.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha chiyankhulo. Chichewa mulibe, malangizo ndi a Chingerezi cha ku America. Mwana amene sanamve chomwe wauzidwa amayamba kungodinadina mpaka atapeza yankho mwamwayi, ndipo pamenepo palibe chimene waphunzira ngakhale foni ikumuyamikira. N'chifukwa chake ndimakhala naye pambali n'kumamufunsa m'Chichewa: "Zilipo zingati? Chachikulu n'chiti?" Tikazimitsa foni timabwereza zomwezo ndi zitsekerero za mabotolo kapena nyemba. Pamenepo ndi pomwe ndimadziwira ngati wamvetsadi.

Za nthawi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku ali pa sikirini, ndipo kuchepetsa n'kwabwino koposa. Ife sitifikapo n'komwe, batire salola, makamaka magetsi akathima.

Poitsitsa pamafunika bandulo yokwanira, ndiye ngati pali poti mungapeze WiFi tsitsirani komweko. Mabuku ndi masewera ena amatheka kuwasunga mufoni kuti azitseguka popanda intaneti. Ngati muli ndi ana awiri kapena atatu, aliyense mulembetseni dzina lake ndi zaka zake, kuti wamng'ono asamapatsidwe ntchito za mkulu wake.