Poyambira kumvera Merzbow: 13 Japanese Birds kapena Pulse Demon?

Masami Akita wa ku Japan, woimba nyimbo za phokoso (noise) wodziwika kuti Merzbow, anatulutsa zimbale 13 za 13 Japanese Birds mwezi ndi mwezi kuyambira mu Januwale 2009, chilichonse ndi dzina la mbalame, monga Fukurou, kadzidzi, ndi Karasu, khwangwala. Pulse Demon ndi chimbale chimodzi chokha, chimene anatulutsa mu 1996.

Pa mtengo ndi nthawi, Pulse Demon ndiyo yopepuka, pamene kusonkhanitsa zimbale zonse za mbalame kumafuna ndalama ndi kuleza mtima.

Pa kamvekedwe, ng'oma zimene Akita amaimba yekha m'zimbale za mbalame zimapatsa khutu pogwira, ndipo ine ndimazikondera chimenechi. Pulse Demon ndi phokoso lamagetsi lokhalokha, lobaya m'makutu mosapumira.

Wozolowera ng'oma ayambe ndi chimbale chimodzi cha mbalame. Wofuna ukali wonse wa Merzbow asankhe Pulse Demon.