Chodyera mbalame cha khola la waya chimene ndinagula ku Randburg

Ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg, dera la mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndipo ndimagona komweko m'kanyumba ka kuseri. Mwezi wa Meyi, chisanu chitayamba kuwaula kapinga, ndinagula chodyera mbalame pa sitolo ina yogulitsa mbande za maluwa. Ndi chija chokhala ndi botolo lalitali la pulasitiki pakati, khola la waya n'kuzungulira, kuti zolowa zikhale mbalame zing'onozing'ono zokha. Ndalama zinatuluka m'thumba langa, osati la abwana.

Ntchito imene anachipangira chimaigwira ndithu. Kale ndinkangomwaza mbewu pa thabwa, njiwa n'kupsereza zonse dzuwa lisanakwere. Pano mpheta ndi atchete amalowa m'mipata ya waya n'kumadya mtima uli m'malo, ndipo thumba limene linkatha masabata awiri likumafika mwezi. Mbewu yake ndi yosakaniza, mapira, mawere, mpendadzuwa ndi chimanga choswa, zakudya zomwe zija za kwathu ku Ntcheu.

Koma kambale ka pansi ndi kakang'ono kwambiri. Atchete sadya mwaulemu, amapalasa ndi mlomo kufuna zimene akonda, zotsalazo n'kumagwera pansi. Ndiye njiwa zimene khola linaziletsa zinangosamukira pa kapinga, pa mtetete, khumi kapena kuposa, mitu ili pansi.

Tsiku lina m'mawa mu Ogasiti ndikuthirira maluwa, gadeni yonse inangoti zii. Ndisanatembenuke ndinamva phu! Nthenga mbwee. Kabawi anali atatsika pa kapinga, msana wotuwa, pachifuwa mizeremizere, miyendo yofiirira, njiwa ili m'zikhadabo. Anatambasula mapiko kuiphimba, akundiyang'ana, kenako anayamba kuisosola pang'onopang'ono kuyambira pachifuwa. Dzanja langa linali litatola kale mwala. Amene tinakulira kumudzi timadziwa mmene amayi amakuwira kabawi akazungulira pamwamba pa anapiye. Koma pano panalibe mwanapiye wa munthu, ndipo amene anasonkhanitsa njiwa pamalo amodzi ndinali ine. Mwala uja ndinauponya pansi.

Buku la mbalame la adona linandiuza kuti dzina lake ndi Ovambo sparrowhawk. Imadya mbalame zinzake, yaikazi imakula kuposa yaimuna, ndipo imamanga chisa m'mitengo italiitali ngati bulugamu. Johannesburg kale linali dambo la udzu, mitengo yambiri tikuionayi anachita kubzala anthu, n'chifukwa chake mbalameyi inakhazikika m'makomo muno. Ine ndimaikonda tsopano. Ikapita milungu iwiri osaoneka ndimaifunafuna m'mwamba.

Chimene pepala la m'bokosi silinena, ndipo likanayenera kunena, ndi poika chodyerachi. Ndinachichotsa pakati pa kapinga n'kuchipachika mapazi ochepa kuchokera ku mpanda wa maluwa, kuti mpheta zikamva pumbwa akuchenjeza zizingolowa m'zitsamba. Osachigundiza kumpandako, chifukwa amphaka a aneba amabisala momwemo, komanso osati moyang'anizana ndi zenera lalikulu, mbalame yothawa sizindikira galasi. Pansi pake ndinamangirira mbale yakale ya malata yoboola, ndipo zogwera pa kapinga zinachepa.

Vuto lina linabwera ndi mvula ya mabingu ya Okutobala. Chivindikiro chimalowetsa madzi, mbewu n'kuumbika, n'kuchita nkhungu. Apa musachite ulesi, abale. Njiwa zimapatsirana matenda a pakhosi podyera ndi pomwera pamodzi, ndipo kabawi akadya njiwa yodwala nayenso amatenga. Loweruka lililonse ndimachitsuka ndi madzi otentha, n'kuchiyanika, ndipo nthawi ya dzinja ino ndimangothira mbewu ya masiku awiri. Kumasula botolo m'khola n'kovuta, zomangira zake n'zolimba mopweteka zala.

Mnzanga wa ku Dedza amene amagwira ntchito ku Roodepoort, dera linanso la Johannesburg, kufupi ndi munda wa zomera wa Walter Sisulu National Botanical Garden kumene ziwombankhanga zakuda zimamanga chisa pa thanthwe la mathithi, anandifunsa ngati agule chomwechi. Ndinamuuza kuti: "Achimwene, gulani cha khola, koma sankhani cha chivindikiro cha chitsulo ndi mbale yotakata, ngakhale chidule." Changachi pulasitiki yake yayamba kale kuchita mng'alu ndi dzuwa, ndamata ndi tepi kuti chifike Meyi.