Buku la Jerusalem: olemba ndawapatsa nyenyezi zinayi, wogulitsa asalandire ngakhale imodzi

Ndiyambe ndi mkulu amene anandigulitsa buku la maphikidwe a zakudyali, chifukwa mtima wanga sunaphwebe. Ndi mmodzi wa anthu otenga maoda a katundu wa ku Joni aja, amene amalemba pa Facebook kuti tumizani theka, katundu afika Lachisanu. Theka ndinatumiza mu Juni. Lachisanu lakelo linakwana mu Ogasiti. Za mtengo sindinena zambiri, amene munaitanitsapo buku la chikuto cholimba kuchokera kunja mukuudziwa, kuphatikizapo ya pamwamba ija imatulukira katundu akangofika pa Mwanza.

Chimene ndinalifunira ndi mlongo wanga. Ali ku Israel, anapita nawo m'magulu a achinyamata amene anayamba kunyamuka mu Novembala 2023 kukagwira ntchito m'minda. Akaimba foni nkhani imakhala ya kutentha, ya ndalama, kenako ya hummus (tchana wophika n'kupera) ndi shakshuka, mpaka ndinatopa n'kumva mayina a zakudya zimene sindinazilawepo. Ndiye anandiuza kuti achemwali, funani buku lotchedwa Jerusalem, la Yotam Ottolenghi ndi Sami Tamimi, lotuluka mu 2012.

Tsiku lolandira tinakumana mu Limbe. Bukulo linali mu jumbo, atalikulunga ndi selotepi ngati muli mankhwala. Nditati ndilione, mkuluyo anati, "Musatsegule pano mayi, fumbi lingalowe." Ine ndi ulemu wanga ndinamaliza kulipira n'kukwera minibasi. Kufika kunyumba, kudula selotepi ija, fungo loyamba kutuluka linali la khitchini ya munthu wina. Masamba ena omatana, madontho a mafuta, chala chachikasu cha kale pakona, ndi zolemba za pensulo m'mphepete. Zonsezo ndikanapirira. Koma nditafika pa hummus, chakudya chenicheni chimene ndinagulira buku, tsambalo linali long'ambika chotsitsa. Mndandanda wa zofunika unatsala, kaphikidwe kake kanapita ndi mwini wake woyamba.

Ndinaimba nthawi yomweyo. "Achimwene, paja munati ndi latsopano?" Yankho lake mpaka lero ndikalikumbukira ndimasiya chimene ndikuchita. "Mayi, kwa inuyo ndi latsopano." Ndinati mwina ndamva molakwika. Anabwerezanso, n'kuwonjezera kuti buku lophikira likada ndiye umboni woti ndi labwino, ndiyenera kuthokoza kuti wina anandiyesera kale. Nditatchula zobweza ndalama, netiweki inayamba kuvuta mbali yake yokha. Mauthenga anga ankawawerenga, osayankha. Patapita sabata, nditanena kuti ndilemba zimene ndikulemba panozi, ananditumizira chithunzi cha tsamba losowalo, chojambulidwa mu mdima, chala chachikulu cha munthu chitaphimba mizere iwiri. Pansi pake analemba kuti, "Nkhani yatha eti mayi?" Sinathe, achimwene.

Bukulo linakhala pamwamba pa wadirobu masabata awiri, sindinkafuna n'kuliona komwe.

Chinalitsitsa ndi kutha kwa mwezi. Ndiwo kunalibe, magetsi atazima, m'nyumba muli mpunga wa Kilombero, anyezi ndi kapaketi ka malentilo (mtundu wa mphodza) kamene ndinagula kwa amwenye kalekale. Ndinakumbuka kuti ndinaonamo chakudya cha zinthu zitatu zomwezi, dzina lake mejadra. Anyezi umadula mopyapyala, kuwaza ufa pang'ono ndi mchere, n'kukazinga m'mafuta ambiri mpaka afiire ndi kuuma. Mpunga ndi malentilo zimapsera pamodzi ndi zonunkhiritsa, ndipo ukaphula umayala kansalu koyera pansi pa chivundikiro kuti nthunzi isagwere m'chakudya. Ndinaphika pa mbaula. Bambo a kunyumba ndi munthu woti akadya mpunga usiku amauza anthu m'mawa kuti anagona ndi njala. Tsiku limenelo anapempha mphika kuti akokote. Mwana wanga wamkulu ndiye anatiseketsa, akuti mwina mphodza zimene Esau anagulitsira ukulu wake zinali zotere, ndipo ngati zinali zotere tisamuweruze kwambiri.

Apa m'pamene ndinayamba kuliwerenga bukulo m'malo molikwiyira. Ine ndinkayembekeza zakudya za m'Baibulo, mkate wopanda chotupitsa ndi nsomba za ku Galileya. Si zimenezo. Olemba awiriwa anabadwa chaka chimodzi, 1968, mumzinda umodzi, Ottolenghi ku mbali ya Ayuda kumadzulo, Tamimi ku mbali ya Apalestina kum'mawa, ndipo anakadziwanira ku London ali akuluakulu. Choncho zimene zili m'bukumu ndi za m'nyumba za mbali zonse ziwiri, ndiponso za Ayuda amene anabwera ndi maphikidwe awo kuchokera kumaiko ena. Sabih, ya mabiringanya okazinga ndi mazira owiritsa, inabwera ndi a ku Iraq. Chraimeh, nsomba ya mu msuzi wofiira wa tsabola, ndi ya a kumpoto kwa Africa, makamaka Libya. Shakshuka ya mlongo wanga ija nayonso mizu yake ili komweko, ndipo kunena zoona ndi mazira a mu tomato amene tonse timawadziwa, kungoti sawatakasa, amawasiya aphike ali maso. Nkhani yoti hummus ndi ya ndani olembawo sanaithawe, ndipo ndinawalemekeza pa chimenecho, chifukwa ndi mkangano weniweni kumeneko. Amene mukufuna buku la malamulo a kadyedwe ka Chiyuda, loti nyama ndi mkaka zisakumane, ili si limenelo.

Hummus ndinaiphika ndithu, ndi chithunzi cha chala chija. Tchana ndinagula mu msika wa Limbe, ndipo chinsinsi chake chinandiseketsa: soda. Yemweyu wa therere. Umanyika tchana usiku wonse, m'mawa n'kuyamba wamukazinga ndi soda mphindi zochepa usanathire madzi, makoko amayandama okha ndipo amafewa msanga moti makala sawonongeka. Vuto linali tahini. Kabotolo kamodzi m'sitolo za m'tauni mtengo wake ndi wa nkhuku, pamene bukulo likufuna wochuluka kuposa tchanayo. Tahini ndi chitowe chopera basi, monga timachitira chiponde ndi mtedza. Ndinaitanitsa chitowe kwa mlamu wanga ku Chikwawa, kukazinga pang'ono, kusinja mu mtondo mpaka mapewa kuwawa, n'kumalizira m'makina magetsi atabwera. Sichinasalale ngati cha pa chithunzi ndipo chinali ndi kakuwawa, ndikuganiza chifukwa cha makoko a chitowecho. Nditamuonetsa mlongo wanga pa foni anati maonekedwe ake ndi a phala la mwana, koma ana anga anamaliza mbale yonse ndi buledi.

Zodandaula pa buku lenilenilo zilipo, n'chifukwa chake nyenyezi imodzi ndaisunga. Analembera munthu wokhala ku London amene ali ndi uvuni wodalirika ndi sitolo ya Aluya pakona. Zonunkhiritsa zotchedwa sumac ndi za'atar, madzi owundana a makangaza, mowa wotchedwa arak wothira pa nkhuku, izi ku Blantyre muyenda mpaka nsapato kutha. Pa sumac ndimangofinyira ndimu. Saladi ya mayi ake a Tamimi, fattoush, imafuna mkaka wosasa, ndipo chambiko chinagwira ntchito bwinobwino, mwinanso kuposa. Koma maphikidwe ena mndandanda wake ndi wautali ngati wa zofunika pa chinkhoswe, ndipo mafuta amathiridwa ngati akuchokera pa mjigo. Ndi mmene botolo la mafuta lakwerera, ndimawerenga tsamba, kuwerengera, n'kutseka. Mwa maphikidwe 120 amene alimo, amene ndingathe popanda kusintha kanthu mwina sakwana 20. Mbali ya makeke sindinaikhudze n'komwe.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti zolemba za pensulo zija, zimene zinandikwiyitsa tsiku loyamba, tsopano ndi zimene ndimayamba kuyang'ana. Mwini wake woyamba, kaya anali ndani ku Joniko, anali munthu wosamala thumba ngati ine. Pena analemba kuti mchere uchepe, pena kuti mafuta theka akukwana, ndipo pa nkhuku yophikira limodzi ndi mpunga ndi anyezi anadula mzere pa zipatso zina zosowa zimene bukulo likufuna n'kulemba kuti mphesa zouma zimachita. Ndinamumvera, ndipo nkhuku imeneyo ndi imene ndinaphikira apongozi atabwera. Tsamba limene lili ndi madontho ambiri ndimadziwa kuti pamenepo pali zabwino. Inde, ndikudziwa kuti mkulu uja ananena zomwezi. Kunena zoona pa chinthu chimodzi sikumuchotsera kuti anandilipiritsa mtengo wa buku latsopano.

Loweruka likubwerali ndiyesa chraimeh ndi chambo m'malo mwa nsomba ya m'bukumo, ndi kambuzi pang'ono, ndione ngati msuziwo ungayende ndi nsima. Bukuli guleni ngati mumakonda kuyesa zachilendo ndipo simuopa kusinja. Koma wina akakupatsani katundu womata selotepi n'kunena za fumbi, ng'ambani pomwepo iye akuona. Mkulu uja dzulo walembanso kuti akutenga maoda, katundu afika Lachisanu, ndipo theka la ndalama yanga ndikulifunabe.