OptiPlex 7010 yanga: RAM ndi purosesa zatsopano, pano ikuyenda bwanji

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti kompyuta ya mushopu ija ikuyenda bwanji chiiwonjezereni zinthu, ndiye ndati ndingoyankha kamodzi. Ndi Dell OptiPlex 7010 ya ex-UK, makina a 2012, inabwera ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya i3-3220 komanso RAM (memory yogwirira ntchito zimene mwatsegula) ya 4GB basi. Ntchito yake ndi yomwe ija, kutayipa ma CV, makadi a ukwati pa CorelDraw, ndondomeko za mwambo wa maliro, kukonza zithunzi pa Photoshop. Ndinaikamo RAM ya mtundu wa DDR3 ya 16GB, timitengo tiwiri ta 8GB, kenako purosesa ya i7-3770, ndipo pano chaka chikukwana.

Chimene chinasintha moyo mushopu muno ndi RAM, ndinene mosapsatira. Kale ukatsegula Chrome, WhatsApp ya pa intaneti, ndi CorelDraw nthawi imodzi imayamba kuhang'a, kasitomala ali chiimire pakauntala iwe ukungoyang'ana kachizungulire kaja kakuzungulira, pa Task Manager memory ili pamwamba penipeni. Pano ndimasiya zonse zili zotsegula kuyambira m'mawa mpaka kuweruka ndipo sinadzadzepo. Koma pogula samalani abale anga. Bodi ya kompyuta imeneyi imafuna DDR3, ya DDR4 kampata kake kali pena, simungalowe ngakhale mutakanikiza bwanji. Ndipo pali RAM ya ma server ija yolembedwa ECC Registered imene ena amagulitsa motchipa, imeneyo mukaika kompyuta siyaka, batani limangophethira kuwala kwa orenji. Gulani timitengo tiwiri tofanana, 1600MHz, mutiike m'ma slot a zotsekera za mtundu umodzi kuti igwire dual channel (tonse tiwiri tizigwira ntchito nthawi imodzi), mukatsegula CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zamkati mwa kompyuta, izikulemberani Dual.

Purosesa ndiye nkhani ina. i3 ija ili ndi ma core (zigawo zogwira ntchito mkati mwa purosesa) awiri, i7-3770 ili ndi anayi ndi ma thread 8, papepala kusiyana kwake nkwakukulu ndithu. Koma pa ntchito zanga ndimaiona pokhapokha ndikamasevera fayilo yaikulu ya banner kukhala PDF kapena ndikamadula kavidiyo ka chinkhoswe, apo inde imathamanga. Kutayipa, kupulinta, kutsegula imelo, palibe kasitomala angadziwe kuti mkatimo mwasintha chinthu. Amene akufuna kusintha ndithu ine ndingati atenge i5-3470, ma core anayi omwewo, soketi yomweyo ya LGA1155, mtengo wotsikirapo, chifukwa ogulitsa akangomva dzina loti i7 amakweza ngati ndi yatsopano pomwe ndi chinthu cha zaka zoposa khumi.

China chimene ogulitsa sanena ndi kutentha. i3 imadya 55W, i7 imafika 77W, ndiye mu Okutobala dzuwa lili phwee pamalata fani imalira mpaka wina anandifunsa ngati muli chovuta. Nditatsegula ndinapeza fumbi litamatirira pa heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, ngati thonje, ndinalipukuta ndi burashi yopentera, ndikupaka thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) wina pang'ono pakati pa purosesa, phokoso linatsika. Ngati shopu yanu ili m'mbali mwa msewu wafumbi muzitsegula kompyutayo pafupipafupi, osadikira kuti izizima yokha. Ndipo ngati mukadali pa hard disk yozungulira ija, ikani kaye SSD, disk yachangu yosazungulira, musanaganize nkomwe za purosesa, ngakhale ya 256GB, kompyuta imayaka musanamalize kusesa pakhonde.

Chikundidetsa nkhawa pano ndi Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna purosesa ya Intel ya 8th gen (m'badwo wachisanu ndi chitatu) kupita m'tsogolo komanso kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, pomwe i7 yangayi ndi ya 3rd gen. Njira zolambalala zilipo koma pa makina osunga mafayilo a anthu, ma CV ndi makope a ziphaso zawo, ine mtima sukundilola. Ndiye amene muli ndi makina ngati awa ndipo ndalama ndi zochepa, ikani RAM ndi SSD, ndalama ya i7 ija muisunge muziphatikiza pogula ina monga OptiPlex 7060 yokhala ndi i5-8500 ya ma core 6. Ine ndayamba kale kusungira imeneyo, kungoti imafuna DDR4, ndiye RAM yangayi ndidzaigulitsira limodzi ndi 7010 yomweyi.