Ka Lancaster ka salaula: kabwino, koma tsegulani bokosi musanalipire

Amene mumakonda zomangamanga ndi manja, pali ka shopu kena ku Down Shops kuno ku Chipata kogulitsa zidole za salaula, atsegula belo momwe munali mabokosi a tindeke ta pulasitiki, tija tobwera tizidutswa kuti uzimata wekha. Ine ndinatola Lancaster, ndeke ya Britain yoponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, saizi 1:72 (kochepetsedwa ka 72 poyerekeza ndi yeniyeni). Ni kabwino ngako, sindinama, koma pali zoti mudziwiretu.

Guluu mulibe, penti mulibe, ndipo amayi ogulitsawo sanena, amangoti "ni ka ana aka, tengani". Si ka ana ayi, tizidutswa twina ni tating'ono moti ukayetsemula basi wataya. Bokosi langa linalibe pulopela imodzi, ndeke ya ma injini 4 mapulopela 3, koma pamenepa ndiwayamikire, nditabwerera anandilola kusakasaka pansi pa saka mpaka ndinaipeza. Ma sitika ni akale, ena amang'ambika ukangowaviika m'madzi. Ndipo osaika supa guluu pa timagalasi, timayera mbee osaonanso mkati.

Koma chomwe ndikulembera ni ichi. Zithunzi za Lancaster ndinaziona zambiri pa intaneti, ndeke yaikulu, mapiko mamita 31, ka kanga kameneka mapiko ake ni masentimita 43. Koma mpaka utagwira thupi lake m'manja usanamate mbali ziwirizo, sumvetsa chifukwa chake anyamata ambiri sankatuluka ikayaka moto. Munkakhala anthu 7: woyendetsa, injiniya, wolondola njira, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi a mfuti awiri, wina pamwamba wina kumchira. Pakati penipeni pali chimtanda chogwira mapiko chomwe chimadutsa mopingasa, munthu ankachita kuchikwera kuti apite kutsogolo. Tsopano ganizani usiku, utsi, ndeke ikuzungulira, wavala zovala zochindikala za mphepo, uyenera kukwera chimenecho. Kachitseko kothawira kali pansi pa mphuno, pa ndeke yeniyeni kanali pafupifupi masentimita 56 kwa 67, pa kanga sikakwana olo sentimita imodzi. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. N'chifukwa chake amati mu Lancaster yogwetsedwa ankapulumuka anthu pafupifupi 15 pa 100, pamene mu Halifax, ndeke ina ya Britain yoponya mabomba, yomwe chitseko chake chinali chachikuluko, anali ngati 25.

Ka malo ka wa mfuti wakumchira ndiye kanandivuta kumata, ni kothina ngati chisa cha nkhunda, ndipo pa ndeke yeniyeni kanali choncho, moti ambiri parachuti ankaisiya kunja kwa kachipindako. Nicholas Alkemade, wa mfuti wakumchira mu gulu la ndeke la 115 Squadron, usiku wa 24 March 1944 akuchokera ku Berlin, anatsegula kuti atenge parachuti yake anapeza ikuyaka. Iye anangoti bola kufa ndi kugwa kusiyana n'kupsa, analumpha chimanjamanja kuchokera mamita ngati 5,500 m'mwamba. Anagwera pa mitengo ya paini, pansi pali sinoo wofewa, anangobinya mwendo ndi mabala a moto. Ajeremani sanamukhulupirire mpaka atakaona zotsala za ndekeyo. Anzake 4 anafera momwemo.

Ina ni ya Andrew Mynarski wa ku Canada, June 1944. Iye anali atafika kale pa chitseko, koma anaona kuti mnzake wakumchira Pat Brophy watsekeredwa, anabwerera kudutsa m'moto, anayesa ndi nkhwangwa, zinakanika, analumpha zovala zikuyaka ndipo anafa ndi mabalawo. Brophy, wotsekeredwa uja, ndeke itagwa anaponyedwa kunja wamoyo, ndiye amene anadzafotokoza nkhaniyi, Mynarski anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Britain yolemekeza kulimba mtima pa nkhondo, mu 1946. Mwe, zinthu zake.

Ndipo si onse anagwetsedwa ndi mdani, apa ambiri amasokoneza. Bomber Command, nthambi ya asilikali a Britain ya ndeke zoponya mabomba, inataya anthu 55,573 pa anthu ngati 125,000 amene ankauluka, mwa iwo oposa 8,000 anafa pa ngozi za pophunzira chabe. Usiku wa 16 December 1943 ndeke zinabwerako ku Berlin n'kupeza England yakutidwa ndi chifunga, mafuta akutha, bwalo silioneka, ma Lancaster pafupifupi 30 anagwa kwawo komweko, kuposa amene anagwetsedwa ku Germany usiku umenewo.

Ine kanga ndikupenta zizindikiro za 44 Squadron, ija inkatchedwa Rhodesia, nthawi imene Chipata yathu inali Fort Jameson. Ndiyo inayamba kugwiritsa ntchito Lancaster, ndipo pa 17 April 1942 inatumiza ndeke 6 kukaponya mabomba ku Augsburg ku Germany masanasana, kunabwerera imodzi yokha, ya John Nettleton wa ku South Africa. Iyenso anasowa mu July 1943 akuchokera ku Turin ku Italy, mtembo sunapezeke, dzina lake lili pa chikumbutso cha Runnymede ku England pamodzi ndi ena oposa 20,000 opanda manda. Zilembo za sikwadiyo mu bokosi langa munalibe, ndiye ndikulemba ndi dzanja, zikutuluka zokhotakhota koma zili bwino.

Mtengo? Kwa chinthu cha salaula ni wokwera pang'ono, koma amayiwo amatsitsa ukawaonetsa kuti bokosi ni long'ambika. Kapepala ka malangizo kanalimo, ka Chingerezi koma zithunzi zake n'zomveka, mwana wa giredi 8 angathe bola wamkulu ali pambali kugwira lezala. Penti ndinagwiritsa ntchito ya akiriliki ya mu shopu ya mabuku, yakuda pansi, yobiriwira ndi ya khofi pamwamba, imagwira bola muyambe mwatsuka pulasitiki ndi sopo.

Pa 5 ndikupatsa 4. Mukapita, werengani mapulopela, onani ngati timagalasi tonse tilimo chifukwa timeneto simungapeze kwina kuno, ndipo m'belomo munatsala mabokosi ena awiri a tindeke ta injini imodzi, a Lancaster ndinaona langa lokha.