Zotchinga za konkire zomwe tinagula ku Kanengo: zomwe ndaona m'miyezi isanu

Tikumanga mashopu anayi ku Area 25, m'mbali mwa msewu wopita ku Nsungwi, ndipo dzenje la maziko linali pafupi kwambiri ndi pomwe maminibasi amatsitsira anthu. Poyamba tinangoika madiramu odzaza mchenga n'kumangirira tepi yofiira ndi yoyera ija. Sabata isanathe madiramu awiri anabedwa, tepi inaduka, ndipo tsiku lina wakabaza pozemba minibasi anangotsala pang'ono kugwera m'dzenjemo pamodzi ndi mayi wobereka mwana amene anamunyamula. Usiku umenewo tulo sindinatione. Kutacha ndinauza aforomani kuti tifunefune zotchinga za konkire.

Tinagula khumi ku kampani ina ya ku Kanengo. Chilichonse n'chotalika mamita atatu, msinkhu wake masentimita 80 kapena kuposera pang'ono, ndipo chimalemera pafupifupi matani awiri. Wakuba sangachiyese n'komwe. Ndi za mtundu wotchedwa Jersey, womwe unayambira ku New Jersey ku America cha m'ma 1950. M'munsi n'chotambalala, kenako chimapendekeka n'kuwonda chokwera m'mwamba. Ine ndinkayesa n'kukongoletsa chabe, mpaka tsiku lomwe lole ya njerwa inachikhula ndikuona ndi maso anga. Tayala linakwera pang'ono pamalo opendekekawo, lole inabwerera yokha mumsewu, pachotchinga panangotsala mzere wakuda wa tayala. Kuseri kwake amisiri atatu anali m'dzenje akuthira konkire. Ndalama zanga zinabwerera tsiku limenelo.

Koma kampaniyi inandikhumudwitsa pa zingapo. Katundu anafika mochedwa ndi masiku atatu, ndipo chimodzi chinali chobenthuka pakona, chitsulo chili poyera, moti pano chayamba dzimbiri. Zitsulo zolumikizira chotchinga ndi chinzake sanabwere nazo, akuti zimagulidwa padera, pomwe potenga ndalama sananene. Izi si zazing'ono, chifukwa chotchinga chongoima chokha chikagundidwa mwamphamvu chimasuntha, pomwe zolumikizana zimagwirana ngati khoma limodzi. Zonyezimira nazonso panalibe. Simenti yotuwa, fumbi la mu Okutobala, magetsi atazima, woyendetsa aona chiyani? Tinapaka tokha penti yachikasu ndi yakuda n'kumata zonyezimira. Chotchinga chakumapeto tinachikhotetsera kunja kwa msewu kuti galimoto isachiwombe chamutu.

Cholakwa china chinali chathu. Tinasiya mpata wochepa polowera, lole ya simenti inalephera kukhota, ndipo anyamata asanu ndi atatu ndi migwala yawo sanathe kusuntha chotchinga bwino. Tinachita kuitanitsanso galimoto ya kireni n'kulipira kawiri. Yezani ndi kulemba pansi ndi laimu kireni isanafike, komanso ngati zikhala m'dera la msewu yambani mwakambirana ndi a khonsolo ya mzinda.

Mvula itayamba mu Disembala ndinaphunzira ntchito ya mabowo omwe ali m'munsi mwa zotchingazi. Ndi odutsira madzi, koma kuno amatsekeka msanga ndi matope, majumbo ndi zikonyo za chimanga chootcha. Tsiku limodzi madzi anadikha mpaka pa siteji, oitanira minibasi n'kutidandaulira, ndipo sanalakwe. Tsopano mlonda amatokosa mabowowo ndi ndodo m'mawa uliwonse asanaweruke.

Kwa amene akumanga pafupi ndi msewu wodutsa anthu ambiri, ndikuti gulani, koma mtengo wa kireni, zolumikizira ndi zonyezimira ulembedwe pa pepala limodzi musanapereke kalikonse. Ine tikamaliza kumanga ndigulitsa zinayi zokha. Zisanu ndi chimodzi zitsala kutsogolo kwa khonde la mashopu, chifukwa amayi ogulitsa tomato anayamba kale kuyala malonda awo kuseri kwake, ana awo akusewera pambali.