Gold Reef City: fikani geti lisanatseguke, apo ayi tikiti yanu mwaitayira pamzere

Kwa inu amene muli ku Joni kuno ndipo mukuganiza zopita ndi ana kapena alendo ochokera kumudzi ku Gold Reef City, paki ya zisangalalo yokhala ndi zokwera zosiyanasiyana, malowo ndi abwino, zimenezo sindikutsutsa, koma ubwino wake umadalira chinthu chimodzi basi, nthawi imene mwafika pageti. Paki imatsegulidwa 9:30 m'mawa n'kutsekedwa 5 koloko madzulo, ndipo munthu amene walowa 9:30 ndi munthu amene walowa 12 koloko alipira ndalama yofanana koma zimene aone ndi zosiyana kutalitali. Woyambayo pofika nthawi ya nkhomaliro amakhala atakwera zazikulu zonse, zina mobwereza, pamene winayo tsiku lonse amangoona misana ya anthu.

Malowa ali ku Ormonde, kumwera kwa tauni, pafupi ndi msewu wa M1, ndiye amene mumakhala ku Rosettenville, Turffontein kapena Booysens mulibe chonamizira, ndi pakhomo penipeni, Uber kapena Bolt simutha ngakhale kumaliza nkhani ndi dalaivala mwafika. A ku Diepsloot, Cosmo City, Tembisa ndi Pretoria ndi amene muyenera kulawirira zenizeni makamaka ngati ndi pakati pa sabata chifukwa M1 m'mawa imadzaza. Masiku otsegula amasinthasintha, nthawi ya sukulu satsegula sabata yonse, pa holide amawonjezera masiku, ndiye yang'anani kaye pa intaneti musanavale ana zovala za Khrisimasi n'kukapeza geti lotseka. Matikiti gulirani komweko pa intaneti usiku wake, muwasunge mufoni, ndipo foniyo ikhale yochaja, osati 8 peresenti ngati ya alamu anga.

Ndikati kufika pa nthawi yotsegulira sindikutanthauza kunyamuka kunyumba 9:30 ayi. Ndikutanthauza kuti 9 koloko muli kale pamalopo, galimoto mwaimika, ana apita kuchimbudzi, mabotolo a madzi ali m'chikwama, mwaima pafupi ndi geti. Ife anthu akwathu vuto lathu mukulidziwa, timapangana 8 koloko ndiye wina 8:40 ndi pamene akuyamba kusita malaya, wina akuti dikirani ndiphike kaye phala la mwana, azakhali akusaka duku logwirizana ndi chitenje. Njira yake ndi kuwanamiza basi. Auzeni kuti amatsegula 8:30 ndipo ochedwa salowa, Mulungu akukhululukirani.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Sitima iliyonse ya zokwera zothamanga pa njanji imanyamula anthu owerengeka pa ulendo umodzi, kenako iime, anthu atsike, ena akwere, ogwira ntchito ayendere malamba ndi zitsulo zotsekera mmodzimmodzi, ndiye pa ola limodzi pali chiwerengero chimene singapitirire kaya kubwere anthu angati. M'mawa anthu obwera amakhala ochepa kuposa amene sitima ingathe kunyamula, mzere sukhalapo, umangodutsa m'timipanda tachitsulo tija mokhotakhota wekhawekha mpaka kumadzimvera chisoni. Ikangokwana cha m'ma 11, mabasi a ana asukulu ndi magulu a mpingo atsitsa anthu, obwera achuluka kuposa otsika, ndipo kuyambira pamenepo mzere umangokula, sutsikanso mpaka madzulo. Cha m'ma 1 koloko pa Loweruka la holide mzere wa Anaconda, imodzi mwa zokwera zazikulu, umakhala ngati wa mafuta pa filing'i sitesheni ku Lilongwe, kungosiyana kuti pano palibe wokugulitsa wa m'chigubu.

Ndiye geti likatseguka musachite zimene amachita aliyense. Anthu ambiri akangolowa amaima pomwepo kujambulitsa, tinyumba takale tija tokongola ta nthawi ya migodi timawakopa, wina akufuna chithunzi cha pa Facebook, wina cha pa sitetasi. Tinyumbato sitithawa, 3 koloko tidzakhala tili pomwepo ndipo dzuwa la madzulo ndi limene limatulutsa bwino zithunzi. Inu yendani mwachangu, osathamanga koma mwendo ukhale wautali, molunjika ku Tower of Terror.

Ndikuti muyambe ndi imeneyo chifukwa kangolo kake kamatenga anthu ochepa kwambiri pa ulendo umodzi, ndiye mzere wake ngakhale uoneke waufupi umayenda pang'onopang'ono moti masana ukhoza kukalamba uli pomwepo. Komanso ndi bwino kuikwera m'mimba muli mopanda kanthu ndipo mtima usanayambe kuganiza. Amakukweza pamwamba pa chinsanja chooneka ngati cha pamgodi, kangolo kamasendera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka kuweramira pansi, apo ndiye umaona dzenje lakuda pansi pako ndipo kamaima kaye kamphindi, kamphindi kameneko ndi kamene kamapweteka, munthu umakumbukira ngongole zako zonse ndi anthu onse amene sunawapepese. Kenako basi kugwa choimirira, pafupifupi mamita 50, mpaka kulowa pansi panthaka mumdima n'kutulukira mbali ina. Zonsezo masekondi ochepa chabe. Achimwene anga amene amadzitama kuti anakulira m'mitengo ya mango ndipo saopa kutalika anatsika ali chete, ndinawafunsa kuti zili bwanji achimwene iwo anangoti tiyeni tikhale kaye pansi. Kudikira ola lathunthu chifukwa cha masekondi amenewo ine sindingavomere, koma kulowa mosadikira m'mawa, eee, ndalama yabwerera kale.

Mukachoka apo pitani ku Anaconda. Iyi kwa ine ndiye mfumu ya pamalopo. Njanji ili pamwamba, inu mwalendewera pansi pake, miyendo ili lendee m'malere popanda poponda, ndipo imakutembenuzani chadodolido kangapo konse, kwinaku ikudutsa pafupi ndi miyala moti umapinda mawondo wekha poopa kuti zala zikhudza. Imayenda mosalala, siyikugwedeza mutu kwambiri. Ubwino wa m'mawa ndi wakuti ukhoza kusankha mpando. Kutsogolo umaona zonse zikubwera, mphepo ikukumenya kumaso mpaka misozi, kumbuyo ndiye imakukoka mwankhanza potsika. Masana sungasankhe, pamene akulozera ndi pomwepo. Nsapato valani zomanga, masilipasi ndi timasandasi ta azimayi timauluka, ndipo amayi amene mwavala wigi muganizire bwino, ndanena ine. Foni ndi makiyi musasiye m'thumba losatseka.

Yachitatu Golden Loop. Iyi ndi yakale koma osayiderera. Ilibe zokwera phiri pang'onopang'ono ngati zinazi, imangokuponya kuchokera poima mwadzidzidzi, kuzungulira chilupu chimodzi chachikulu, kukwera mpaka kuima, kenako kubwerera chammbuyo kudutsanso mu lupu momwemo. Popeza imapita n'kubwerera pa njanji imodzi, sitima ndi imodzi yokha, ndiye nayonso mzere wake suchedwa kutalika. Jozi Express ndi Runaway Train zikhoza kubwera pambuyo, izo n'zofatsirako, ngakhale amalume amene akuti ine zimenezi ayi mukhoza kuwanyengerera. Miner's Revenge ndi zina zozungulirazungulira zija ine sindizikonda, zimandipatsa chizungulire mpaka madzulo, koma achinyamata amazifera, asiyeni akwere inu mutakhala pabenchi.

Nthawi zina m'mawa mumapeza raidi ina sanayitsegule, akuyiyesa kaye ikuyenda yopanda anthu. Zimenezo zimachitika m'mapaki onse a mtundu uwu ndipo ine bola ayese kusiyana n'kuti ayesere pa ine. Musaime pamenepo kudikira, pitani pa yotsatira mudzabwerenso, mphindi za m'mawazo ndi zodula.

Za ana tsopano. Zokwera zazikuluzi zimafuna msinkhu, zambiri mwana akhale wotalika mita 1.3, ndipo amayeza ndithu, palibe zoti abwana ndi wamkulu uyu kungoti ndi wamfupi ngati bambo ake. Muyezeni kunyumba pakhoma musanamulonjeze Anaconda, kulira kwa mwana wobwezedwa pamzere sikutha msanga. Ngati muli akuluakulu awiri kapena kuposa gawanani, wina atenge ana aang'ono kumbali ya tizokwera tawo, kuli Shongololo ndi tina tofatsa, wina apite ndi akuluakulu ku zoopsazo, mukumane cha m'ma 11 pamalo amene mwapangana. Ana nawonso m'mawa amapindula, amakwera n'kutsika n'kukweranso, pamene masana mwana wa zaka zinayi kumuimika padzuwa theka la ola ndiye mwaputa nkhondo.

Zamadzi, Raging River Rapids ndi Log Ride, apa pamafunika nzeru pang'ono. Joni ili pamwamba, mamita opitirira 1,700, ndiye mu June ndi July m'mawa kumazizira koopsa, kunyowa 10 koloko ndi kudzichitira nkhanza, mudzakhala mukunjenjemera tsiku lonse ndi jinzi yonyowa. Nthawi yozizira dikirani dzuwa likwere ngakhale mupeze mzere. Nthawi yotentha zikwereni mzere usanakule, cha m'ma 11, muuma mukuyenda. Ndipo nthawi yotenthayo, kuyambira October mpaka March, ndi imene kulawirira kuli kofunika kwambiri chifukwa mvula ya kuno mukuidziwa, m'mawa kumwamba kuli mbee, ikamakwana 3 koloko mitambo yakuda yaunjikana, mabingu, ziphaliwali, nthawi zina matalala. Kukachita ziphaliwali zokwera zazitali zimaimitsidwa, ndipo n'zomveka, palibe amene akufuna kukhala pamwamba pa chitsulo nthawi imeneyo. Wofika masana ndiye amagwa nazo, wadikira ola pamzere, watsala pang'ono kukwera, kumwamba kwagunda. Wolawirira amakhala ali pansi pa denga akudya ayisikilimu.

Mizere ikakula masana ndi pamene muyenera kuchita zofatsa, ndipo apa ndi pamene Gold Reef City imasiyana ndi mapaki ena. Malowa anamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, umene unasiya kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Golide kuno anapezeka mu 1886 ndipo mzinda wonsewu unamera chifukwa cha iye. Pali ulendo wotsikira pansi mumgodi, amakupatsa chipewa cholimba ndi nyali, mumalowa mu chikepe n'kutsika, ndipo umakhala ndi nthawi zake ndiye funsani mukangolowa m'mawa kuti musungitse malo a masana. Kwa ife Amalawi ulendo umenewu si masewera chabe. Mabanja ambiri kwathu ali ndi agogo amene anapita ku Wenela kapena ku Theba, ena anabwera ndi njinga, wailesi ndi jasi, ena anabwera ndi chifuwa, ena sanabwere n'komwe. Ukalowa m'ngalande yopapatiza ija, denga lili pafupi ndi mutu, makoma onyowa, wotsogolera n'kukuonetsa chitsulo chobowolera mwala chimene munthu ankachigwira tsiku lonse m'phokoso ndi fumbi, nkhani za agogo zija zimamveka mwamtundu wina. Mayi anga aang'ono amene anakana kukwera chilichonse tsiku lonse ndi pano pamene anafunsa mafunso ambiri kuposa ana. Palinso poonetsa mmene amasungunulira golide n'kumuthira mu chikombole, ana amakonda moto wake. Giant Wheel nayo isiyireni masana, pamwamba pake mumaona nyumba zazitali za mutauni ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi.

Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, ili pafupi pomwepo, koma ine ndingati musaphatikize tsiku limodzi. Ili ndi tikiti yakeyake, imafuna maola angapo ndi mutu wodekha, si malo olowamo uli ndi zovala zonyowa ndi ana otopa. Kasino ili tsidya la msewu, amene muli ndi ndalama ya renti m'thumba yang'anani kumbali.

Chakudya idyani msanga, 11:30 kapena 12 isanakwane, chifukwa 1 koloko aliyense amamva njala nthawi imodzi ndipo mzere umasamukira kumalo odyera. Chakudya cha m'malo osangalalira sichikhala chotchipa kulikonse padziko, ndiye konzekerani marandi ake, komanso ana adye phala lokwanira kunyumba, akuluakulu okwera Tower of Terror tiyi ndi buledi pang'ono basi. Chipewa ndi mafuta oteteza kudzuwa musaiwale, dzuwa la kuno limawotcha ngakhale ife akhungu lakuda.

Tsiku labwino kupita, ngati ntchito ikulola, ndi la pakati pa sabata sukulu zili mkati, ngakhale kumapeto kwa temu mukhoza kukumana ndi mabasi a ana asukulu, koma iwonso kawirikawiri 9:30 amakhala asanafike, aphunzitsi akuwerengabe mitu. Ambiri a ife tchuthi ndi Lamlungu lokha, ndiye pali nkhani ya tchalitchi, apo sindilowererapo, kambiranani ndi abusa anu, koma zoti tipita tikaweruka 12:30 ndiye bola musunge ndalamayo mudzapite tsiku lina. Cha m'ma 4 koloko mizere imayambanso kuchepa pamene a mabasi akuitanidwa, ndiye ngati miyendo ikadali ndi mphamvu ndipo kumwamba sikunagunde, Anaconda komaliza mpando wakumbuyo. Uber itanani 5 koloko isanakwane chifukwa anthu onse akatuluka pamodzi mtengo umakwera.